Ola Limodzi M'mwamba, Mwezi Wathunthu Pansi: Mbiri ya Mtunda wa Pakati pa Mulanje ndi Minda ya Tiyi ya ku Honde ndi Chipinge

Munthu atalemba mzere woongoka pa mapu kuchokera pa boma la Mulanje kukafika ku chigwa cha Honde, kum'mawa kwa dziko la Zimbabwe, angapeze kuti mtundawo sukwana makilomita 400. Kuchokera ku Thyolo kukafika ku Chipinge ndi makilomita opitirira pang'ono 500. Mzere wa ndege wochoka pa bwalo la Chileka kupita ku Harare ndi wa makilomita pafupifupi 480, ndipo ndege zamakono zimaudutsa mu ola limodzi ndi mphindi zowerengeka. Ulendo wa pa msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Mzuzu ndi wautali kuposa uliwonse mwa mitunda imeneyi. Komabe kwa zaka zambiri Amalawi ena adakhala m'makomboni a minda ya tiyi ya ku Honde ndi Chipinge mpaka kumera imvi osapondanso kwawo, ndipo abale awo adawatcha matchona ngati anthu amene adawoloka nyanja zamchere.

Nkhani ino ikulondola mbiri ya mtunda umenewu. Mfundo yake ndi yakuti makilomita a pakati pa madera awiriwa sadasinthepo, koma nthawi yowadutsa idali yosiyana kwambiri potengera amene ali pa ulendo, ndiponso amene akulipira ulendowo.

Maiko awiri a tiyi

Ku Malawi tiyi adayamba kale. Amishoni a ku Blantyre adayesa kubzala mbewuyi kuyambira mu 1878, ndipo mu 1891 Henry Brown adaibzala ku Mulanje, kumene mvula ndi nthaka zidaiyanja. Ku Southern Rhodesia tiyi adafika mochedwerapo. Mu 1924 Grafton Phillips ndi Arthur Ward, amene adagwirapo ntchito m'minda ya tiyi ya ku Assam m'dziko la India, adayamba kulima mbewuyi pa esiteti ya New Year's Gift m'dera la Chipinge, pothirira ndi madzi a mtsinje wa Tanganda. Mbiri ya kampani ya Tanganda imanena kuti njere zoyamba zidachokera ku Assam komweko, ndipo adabwera nazo ndi Florence, mkazi wa Phillips. Pambuyo pake minda idafalikira ku Ratelshoek, Jersey ndi Zona, pamene makampani ena adatsegula Southdown, Clearwater ndi Roscommon. Ku chigwa cha Honde, m'munsi mwa phiri la Nyangani, minda ya Aberfoyle ndi Eastern Highlands idatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo boma lidadzakhazikitsanso ya Katiyo.

Munthu wobadwira m'tsinde mwa phiri la Mulanje akafika ku Honde sasowa chomukumbutsa kwawo. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, Nyangani 2,592. Uku kuli Ruo ndi Lichenya, uko kuli Pungwe ndi Honde. Chifunga cham'mawa, nthochi m'mphepete mwa mitsinje, mizere ya tiyi yokwera ndi zitunda, zonsezi ndi zofanana. Ntchitonso ndi yomweyo: dengu kumsana, masamba awiri ndi kansonga, kapitawo pambuyo, sikelo madzulo. Nchifukwa chake munthu wodziwa kuthyola, kudulira kapena kuumitsa tiyi ku Thyolo sankavutika kupeza ntchito kumeneko. Alendo ochuluka m'mindayi adali ochokera ku Mozambique, poti malire ali pafupi, koma Anyasalandi nawo adalipo m'munda, m'fakitale, m'khitchini ndi m'maofesi, pakati pa Andau a ku Chipinge ndi Amanyika a ku Honde.

Nthawi ya miyendo

Chimene chidatulutsa amuna m'midzi ya Nyasaland chimadziwika bwino: msonkho wa nyumba umene atsamunda adaukhazikitsa m'zaka za m'ma 1890, thangata wa m'maesiteti a ku Shire Highlands, ndi malipiro otsika kuposa a maiko a kumwera. Komiti ya Travers Lacey, imene idafufuza za ulendowu mu 1935, idapeza kuti anthu pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko, ndiye kuti kupitirira mwamuna mmodzi mwa amuna anayi alionse amphamvu zawo.

Ambiri mwa iwo adapita wapansi. Njira yaikulu ya anthu a kumwera idali yodzera ku Mwanza, kulowa m'dziko la Apwitikizi pa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenaka kulowera ku Mutoko mpaka ku Salisbury. Njira imeneyi ndi ya makilomita pafupifupi 600. Munthu woyenda makilomita 25 kapena 30 pa tsiku adafunika masabata atatu osapuma, koma kawirikawiri ulendo unkatha mwezi kapena kupitirira, chifukwa kamba akatha apaulendo ankaima pa famu kugwira ganyu kuti apeze ufa. Chigwa cha Zambezi ndi chotentha, madzi ndi osowa m'chilimwe, ndipo kuwonjezera pa zilombo kudali achifwamba ndi asilikali a Apwitikizi amene ankalanda katundu, makamaka kwa obwerera. Pa chifukwa ichi anthu ankayenda m'magulu, motsogozedwa ndi wina amene adaiyendapo kale njirayo. Wofuna kukafika ku minda ya tiyi adali ndi ulendo winanso: makilomita oposa 260 kuchoka ku Salisbury kupita ku Umtali, imene lero ndi Mutare, ndiye kuchokera pamenepo kukhotera kumpoto kupita ku Honde kapena kutsetserekera kumwera makilomita pafupifupi 190 kukafika ku Chipinge.

Njanji idafupikitsa nthawi kwa amene adali ndi ndalama ya tikiti. Sitima idafika ku Umtali kuchokera ku Beira mu 1898, idafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935 zidatheka kukwera ku Limbe kapena ku Luchenza, kudutsa Port Herald, imene lero ndi Nsanje, kusintha sitima pa Dondo ndi kukatsikira ku Umtali m'masiku ochepa. Njira ya njanjiyi idali yozungulira kwambiri, koma ndiyo inkatula munthu pakhomo penipeni pa dera la tiyi.

Chichewa chidasunga mbiri ya maulendowa m'mawu amene chidapanga kapena kubwereka. Wopita yekha, wopanda kampani yomulemba, ankati wapita pa selufu. Bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau, lokhazikitsidwa mu 1903, lidadziwika ndi dzina la chibalo, mawu amene mpaka lero amatanthauza ntchito yakalavula gaga yokakamizidwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia lidayamba kutumiza malole onyamula ofuna ntchito popanda kulipira, ndipo anthu adawatcha Ulere. Mu 1946 kudabwera bungwe la Rhodesia Native Labour Supply Commission, limene lidadzitcha Mthandizi. Maina awiri omalizawa ndi okoma kukhutu, koma wokwera ulere sasankha kotsikira. Lole inkatula anthu kumene olemba ntchito akuwafuna, ndipo amene adasainira kwa Mthandizi ankatumizidwa makamaka ku mafamu, kumene malipiro adali otsika kuposa a m'tauni ndi m'migodi.

Ndege ifika, koma ya yani?

Pa nthawi yomwe magulu a amuna ankagona m'tchire la ku Tete, m'mwamba mudayamba kumveka kulira kwa injini. Mu 1931 C. J. Christowitz adayamba kuulutsa tindege ting'onoting'ono pakati pa Blantyre ndi Beira. Mu 1933 kudakhazikitsidwa kampani ya Rhodesia and Nyasaland Airways, imene idatenga ntchito ya Christowitz ndi kulumikiza Blantyre ndi Salisbury. Tindege ta masiku amenewo tinkanyamula anthu owerengeka ndi matumba a makalata, ndipo pa liwiro lake mtunda wa makilomita 480 unkatenga maola atatu kapena kupitirira. Pa 1 Juni 1946 maboma atatu a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland adakhazikitsa Central African Airways. Mu 1956, m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kampaniyi idayamba kugwiritsa ntchito ndege za mtundu wa Vickers Viscount, zothamanga makilomita pafupifupi 500 pa ola. Kuyambira pamenepo Chileka ndi Salisbury zidatalikirana ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa chabe.

Mwamuna wa ku Thyolo amene adanyamuka wapansi mu 1930 ndi mzungu woyang'anira esiteti amene adakwera Viscount mu 1957 adadutsa pamwamba ndi pansi pa dziko limodzimodzi, wina m'mwezi, wina mu ola. Kusiyanaku sikudali kwa zaka zokha, pakuti ngakhale mu 1957 wothyola tiyi sakadaikwanitsa tikitiyo ndi malipiro ake a miyezi ingapo. Ndege inkanyamula akuluakulu a boma, amalonda, ana a azungu opita ku sukulu zogonera komweko ku Salisbury ndi ku Umtali, odwala awo opita kwa madokotala, ndi makalata. Kwa iwo maiko awiriwa adasanduka mudzi umodzi. Ngakhale tiyi weniweniyo adapindula ndi kufupika kwa njira. Bungwe la kafukufuku la Tea Research Foundation of Central Africa, limene lidakhazikitsidwa mu 1966 ndipo likulu lake ndi ku Mimosa ku Mulanje, linkatumikira alimi a maiko onse awiri, ndipo mitundu ya tiyi yosankhidwa ku Mulanje idakabzalidwa ku Honde ndi ku Chipinge. Mbewu ndi akatswiri ake zinkayenda mosavuta kuposa anthu oithyola.

Padali gulu limodzi la antchito limene lidakwera ndege, ndipo nkhani yake ikuonetsa bwino mwini wake wa liwiro. Kuyambira mu 1952 bungwe la Wenela, lolemba anthu ntchito za m'migodi ya golide ya ku Joni, lidayamba kunyamula Anyasalandi pa ndege zakezake kuchokera ku Chileka ndi ku Lilongwe kukawatula ku Francistown m'dziko la Bechuanaland, kumene ankakwera sitima yopita ku Johannesburg. Wenela sidachite izi chifukwa cha chifundo. Ndege inkadumpha Southern Rhodesia yense, kotero kuti olembedwawo sakadathawira m'mafamu a m'njira, ndiponso ankafika msanga ali ndi mphamvu. Golide adali ndi phindu lolipirira mafuta a ndege. Tiyi ndi fodya adalibe. Choncho mnyamata wopita ku Joni, kutali koposa, ankafika msanga kuposa mbale wake wopita ku Chipinge, ndipo kontirakiti ikatha ankabwezedwa kwawo ndi ndege yomweyo. Wa ku minda ya tiyi, makamaka wopita pa selufu, adalibe womubweza.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 idagwa itangonyamuka ku Francistown pa ulendo wopita ku Malawi, chifukwa mafuta ake adali atasakanikirana ndi a mtundu wina. Anthu 78 adafa, ndipo 74 mwa iwo adali Amalawi obwerera kwawo. Dr. Hastings Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu kwa Wenela, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira amuna oposa 100,000 adabwerera kumudzi. Walira mvula walira matope: liwiro limene migodi idapereka lidabwera ndi maliro ake.

Pamene njira zidatsekeka

Mlatho wa pa Tete utatha kumangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, zidaoneka ngati ulendo wa pansi wafupika mpaka tsiku limodzi. Koma nkhondo idali itafika kale m'chigawocho. Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, Samora Machel adatseka malire ake ndi Rhodesia pa 3 Malichi 1976. Sitima ya ku Beira idaima, msewu wa ku Tete udatsekeka, ndipo ndege za Air Rhodesia zidaletsedwa kudutsa mumlengalenga mwa Mozambique, kotero kuti ulendo wake wa ku Blantyre udatha. Mzere wa makilomita 480 uja udalipobe pa mapu, koma panalibe wouyenda. Apa zidaonekera poyera kuti njira zonse zitatu, ya miyendo, ya njanji ndi ya m'mwamba, zidadalira chilolezo cha dziko lachitatu limene lili pakati.

Chigwa cha Honde ndi dera la Chipinge, pokhala m'malire, zidasanduka bwalo la nkhondo. Mu Disembala 1976 antchito 27 a pa esiteti ya Aberfoyle adatulutsidwa m'komboni usiku ndi kuwomberedwa pafupi ndi fakitale. Boma la Ian Smith lidaloza chala ankhondo a ZANLA. Wantchito wachilendo adapanikizika pawiri. Kupitiriza ntchito kudali kuoneka ngati wothandiza azungu, pamene kuisiya kudali kusowa kolowera, popeza adalibe munda wamakolo m'midzi yozungulira ndipo njira ya kwawo idali yotseka. Mnzake wa Chindau kapena wa Chimanyika akadatha kuthawira kwa abale ake kuseri kwa phiri; iye komboni ndiyo idali mudzi wake wokhawo.

Ufulu wa Zimbabwe mu 1980 udatsegula malire, koma mtendere sudakhalitse. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo idagwira chigawo cha Tete, mlatho wa Dona Ana udaphwasulidwa mu 1986, ndipo kwa zaka zingapo magalimoto a pakati pa Nyamapanda ndi Zobue ankayenda mumdipiti woperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe. Kuyambira mu 1987 zigawenga za Renamo zinkawoloka malire ndi kuukira midzi ndi maesiteti a ku Honde ndi Chipinge. Njira idadzatseguka bwino pambuyo pa pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992. Munthu amene adafika ku Honde ali ndi zaka 25 mu 1960 adali ndi zaka 57 pa nthawiyi. Makolo amene adamutsazika adali atapita, munda wake utagawidwa, ndipo ana ake, obadwa kwa mayi wa komweko, ankayankhula Chishona.

Chitsanzo cha kumene tiyi adachokera

Zoterezi sizidachitike kuno kokha. Ku India, kumene njere za ku Chipinge zidachokera, mzinda wa Kolkata ndi wa Guwahati, umene ndi khomo la Assam, yatalikirana makilomita pafupifupi 500 pa mzere wa ndege, ndipo ulendo wake ndi wa ola limodzi ndi mphindi zochepa, chimodzimodzi Chileka ndi Harare. Koma antchito amene Angerezi adawatenga ku Chota Nagpur ndi madera ena m'zaka za m'ma 1800 kuti akathyole tiyi ankatha masabata pa sitima za pamadzi zokwera mtsinje wa Brahmaputra, ndipo ambiri ankafera m'njira ndi kolera. Mu 1921 zikwi za antchito a m'chigwa cha Chargola zidasiya minda ndi kuyamba ulendo wobwerera kwawo, koma asilikali adawamenya pa doko la Chandpur. Dziko la India litagawidwa mu 1947, pakati pa mizinda iwiri ija padalowa East Pakistan, imene lero ndi Bangladesh, ndipo msewu udayenera kuzungulira makilomita pafupifupi 1,000 kudzera pa kampata ka Siliguri. Zidzukulu za antchito aja zikadali ku Assam. Tiyi amakonda mapiri a mvula okhala kutali ndi mizinda, amafuna manja ambiri otsika mtengo chaka chonse, ndipo kulikonse kumene adabzalidwa ndi atsamunda adaitana anthu akutali popanda kuwakonzera njira yobwererera.

Mtunda wa pa pepala

Mawu akuti kutchona satchula makilomita. Amanena za kukhalitsa, za makalata amene adaleka kubwera, za munthu amene dzina lake latsala pang'ono kuiwalika pa maliro ndi pa zinkhoswe. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, koma mame a ku Honde ndi Chipinge sadakamuke. Matchona adamanga mizikiti ndi matchalitchi, adakhazikitsa magulu othandizana pa maliro, adavina beni ndi gule wamkulu, amene eni dziko amamutcha zvigure. Eni dzikowo adawapatsanso maina: maNyasarandi, ndiponso maBhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre, ngakhale kwa munthu wa ku Mangochi kapena ku Dedza amene mzindawo adangoudutsa.

Mu 2001 nyumba ya malamulo ya Zimbabwe idasintha lamulo la unzika, ndipo aliyense amene akadatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo ake adayenera kukana unzika winawo motsata malamulo a dziko lakelo. Kwa wantchito wa m'komboni izi zidatanthauza ulendo wa ku ofesi ya kazembe ku Harare, ndalama, ndi zikalata za kubadwa kwa bambo amene adalowa m'dzikomo ndi chitupa chimene chidatayika kalekale. Ambiri adalephera, ndipo ziphaso zawo zidalembedwa kuti ndi alendo m'dziko limene adabadwiramo, pamene ku Malawi nako sadali m'kaundula aliyense. Mapanga awiri adawavumbwitsa. Izi zidachitika pa nthawi imene kulanda mafamu, kumene kudayamba mu 2000, kudachotsa antchito ambiri m'malo amene ankakhala. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 adabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC, koma kuti lamulo lisanduke chiphaso cha m'thumba padafunikabe mboni ndi mapepala amene mabanja ambiri a m'maesiteti adalibe.

Makampani a ndege adabwera ndi kupita. Central African Airways idatha mu 1967, Air Malawi imene idabadwa mu 1964 idatsekedwa mu 2013, ndipo m'malo mwake mudalowa Malawian Airlines mu 2014. Mtunda wa pakati pa Chileka ndi Harare ukadali makilomita 480, ndipo basi yodzera ku Mwanza ndi Nyamapanda imaudutsa m'tsiku limodzi. Koma basi ndi ndege zonse zimayamba zafunsa pasipoti, ndipo pasipoti imafunsa chikalata cha kubadwa. Mdzukulu wa mtchona wa ku Honde amene alibe zikalatazi ali kutali ndi Mulanje kuposa agogo ake amene adayenda wapansi, pakuti iwo, ngakhale adatha mwezi m'njira, adafika.

Wolemba mbiri ya maulendo m'chigawo chino akamawerenga ndandanda ya maola a ndege, ayenera kufunsanso kuti adakhala pa mipandoyo ndani, ndipo adatsala pansi ndani. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, umatero mwambi. Ku manda a m'mphepete mwa minda ya tiyi ya ku Honde ndi Chipinge kwagona anthu amene mwambiwu ankaudziwa bwino, ndipo kwawo kudali ola limodzi lokha kuchokera pamene adagonapo.